FUNSO LA YANKHO LIMODZI: KUUNIKA MIPIKISANO YA MAFUNSO YA MU LILONGWE

Pa misonkhano yathu timakonda kuunika ndakatulo, nthano zazifupi ndi masewero. Lero ndifuna tiunike mtundu wina wa zolembalemba umene sitiuwerengera konse, chonsecho ana a sukulu amauwerenga koposa ndakatulo zathu zonse kuziphatikiza pamodzi. Ndikunena mafunso a mpikisano, aja pa Chingerezi amati quiz. Mafunsowa ali ndi alembi ake, owerenga ake ndi kalembedwe kakekake, ndipo monga zolemba zina zonse amaphunzitsa munthu kaonedwe ka dziko. Kotero ayenera kuweruzidwa monga momwe tiweruzira zolemba zina.

Mu Lilongwe mafunsowa ndawapeza m'malo atatu. Ku Old Town, m'makhonde a masitolo ndi chakufupi ndi depoti ya mabasi, anyamata amayala pansi timabuku ta mafunso ndi mayankho pakati pa mabuku akale a sukulu, ndipo ogula ake ndi makolo pamodzi ndi achinyamata amene akukonzekera mayeso olowera ntchito. Ku City Centre mudzapeza ana a sekondale m'laibulale akuloweza mayina a mizinda ndi mitsinje pokonzekera mipikisano ya masukulu. Kumayadi, uko ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, kapena ku Area 3 ndi Area 9, mpikisano umachitikira m'malo odyera ndi omwera, madzulo, ndipo opikisana ambiri ndi alendo a m'maofesi a akazembe ndi a m'mabungwe pamodzi ndi Amalawi ophunzira. Malo atatuwa ndi osiyana monga nsima ya mgaiwa isiyana ndi buledi, komatu mafunso ake ndi apachibale. Amazungulira pa mitu yomweyomweyo: nyimbo, mabuku, nthano zamakedzana, zakudya ndi malo a dziko lapansi.

Tisanalowe m'mituyi, tiyambe taona kapangidwe ka funsolo. Makolo athu nawonso adali ndi masewera a mafunso. Wina akati "Ndagi!" anzake amati "Gize!", kwina amati "Chilape!" ena navomera "Nachize!" Tsono wofunsa amaponya yake, monga ija ya nyumba yopanda khomo, imene mwana aliyense adziwa kuti ndi dzira. Dzira aliyense adaliona ndi kuligwira. Chimene ndagi ifuna kwa womvera ndi kuti aike nyumba ndi dzira pamodzi m'maganizo mwake kufikira ataona pamene ziwirizi zifanana. Ndagi ndi ndakatulo yaing'ono, ndipo mtima wake ndi fanizo. Wolephera sachotsedwa pabwalo ayi. Amapereka ng'ombe ya pakamwa chabe, wofunsa naulula yankho, ndipo mawa lake wolephera uja ndiye akazunguza nayo anzake kudambo.

Funso la mpikisano lili ndi khalidwe lina. Ndi lalifupi, yankho lake ndi limodzi, ndipo yankholo kawirikawiri ndi dzina, chaka kapena nambala. Woyankha amapatsidwa kamphindi kochepa. Ngati adaloweza wapambana, ngati sadaloweze palibe poganizira, chifukwa m'funsomo mulibe kanjira kolondola nako yankho. Ndipo yankho likangotchulidwa nkhani yathera pomwepo, wofunsa wadumphira kale pa funso lina.

Sindikunena kuti masewerawa ndi achabe. Amadzutsa chidwi. Amapatsa mwana wa ku Chinsapo mwayi wogonjetsa mwana wa ku Area 43 pamaso pa anthu, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri mu mzinda uno. Amene tidaonera ophunzira a m'makoleji athu akulimbana ndi anzawo a ku Kenya, Uganda, Tanzania ndi Zambia pa mpikisano wa pa kanema wa Celtel Africa Challenge, umene pambuyo pake udatchedwa Zain Africa Challenge, tikumbuka mmene mitima idali kudumphira. Kuloweza nakonso ndi luso limene makolo adalilemekeza, poti mndandanda wa mafumu ndi malire a minda zidasungidwa pamtima. Dandaulo langa lili pa zimene funso lotere limasiya kunja, ndipo ndiyesa kuzionetsa mutu ndi mutu.

Tiyambe ndi nyimbo. Funso limene silisowa kumayadi ndi la wopeka nyimbo wa ku Germany amene adapeka symphony yake yachisanu ndi chinayi ali wogontha. Yankho ndi Ludwig van Beethoven, ndipo wodziwa kwambiri amawonjeza kuti idayimbidwa koyamba ku Vienna mu 1824. Anthu amawomba m'manja, basi. Koma nyimbo imeneyi ili ndi mbiri imene ikhudza ifeyo. Chigawo chake chomaliza chili ndi mawu a Friedrich Schiller onena za ubale wa anthu onse. Mu 1974 boma la Ian Smith ku Rhodesia lidatenga mayimbidwe a chigawo chomwecho nkuwasandutsa nyimbo ya fuko lawo, naikamo mawu ena. Ndiye kuti machona athu a ku Salisbury ndi Bulawayo, a m'migodi ndi m'mafamu a fodya, adamva Beethoven pa wailesi monga nyimbo ya boma limene lidawakaniza kukhala pa mpando umodzi ndi Mzungu. Mu 1985 maiko a ku Ulaya adasankha mayimbidwe omwewo kukhala nyimbo ya mgwirizano wawo. Nanga nyimbo imodzi itumikira bwanji ambuye osiyana chotere? Kodi nyimbo yopanda mawu ili ndi mbali? Awa ndi mafunso oti mlembi ataye nawo tulo, koma sangalowe pa mpikisano poti alibe yankho limodzi.

Mzinda wa Vienna womwewo uli ndi njira ina yofika kwathu. Gerhard Kubik, katswiri wa nyimbo wobadwira kumeneko, adakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba ku Blantyre mu 1967, anyamata a m'mudzi wa Singano ku Chileka amene ankayimba kwela ndi gitala ndi chitoliro. Adawajambula, adalemba za iwo buku, ndipo pambuyo pake nyimbo zawo zidamveka m'maholo a ku Ulaya. Munthu wochokera mu mzinda wa Mozart ndi Beethoven adabwera kudzaphunzira kwa ana a ku Chileka. M'timabuku ta ku Old Town timene ndaona, Mmalawi yekhayo amene amapezeka pa mutu wa nyimbo ndi Michael Sauka, wopeka nyimbo ya fuko lathu ya mu 1964, ndipo iyenso amangotchulidwa dzina.

Pa mabuku matenda ake ndi omwewo. Adalemba Things Fall Apart ndani? Chinua Achebe, 1958. Adalemba Nthondo ndani? Samuel Josia Ntara, 1933. Mwana amayankha zonsezi mosaphethira, koma mutamfunsa kuti Nthondoyo adali munthu wotani amangoti kakasi. Chonsecho bukuli lidalembedwa ndi mphunzitsi wa ku Nkhoma, pakhomo pa Lilongwe pomwepa, ndipo lidapata mphotho pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures. T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934 nalitcha Man of Africa, ndipo Young yemweyo ndiye adagwirizana ndi Dr. Hastings Banda kutulutsa Our African Way of Life mu 1946. Ntara adalondola moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira imfa, mnyamata wovuta amene adadzakhala mfumu ndi Mkhristu. Pali zambiri zoti titsutsane pa bukuli. Kodi kutembenuka kwa Nthondo kuchokera mu mtima wa nkhani, kapena kuchokera ku zofuna za amishoni amene adali ndi makina osindikizira? Mpikisano watipatsa dzina la mlembi ndi chaka, ndipo pakutero watipatsanso chinyengo choti bukulo tikulidziwa. Ichi ndicho choopsa. Mbuli yodziwa kuti ndi mbuli imapita kukafuna buku, koma amene adapata mapointi pa dzina la Ntara alibenso njala.

Pa nthano zamakedzana ndi pamene ndifuna kukhalitsa. Kumayadi amafunsa za Zeus, za kavalo wamtengo wa ku Troy ndi za lupanga la Mfumu Arthur. Izi sizodabwitsa m'dziko limene mu 1981 lidatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, sukulu imene idaika Chilatini ndi Chigiriki patsogolo. Masiku ano ofunsa ena, pofuna kuonetsa kuti sadaiwale kwawo, amaponyamo funso lakuti Achewa amati anthu oyamba adatsikira pati. Yankho: pa Kaphirintiwa. Pointi imodzi.

Tsono tamvani zimene zatsala kunja. Nthanoyo, monga adailemba J.M. Schoffeleers ndi A.A. Roscoe m'buku lawo la Land of Fire mu 1985, imati Chauta adatsika ndi mvula pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, nasiya mapazi awo pa thanthwe limene lidali lofewa. Onse adakhala mwamtendere kufikira tsiku limene munthu adapeka moto. Tchire lidayaka, nyama zidathawa ndi kuyamba kudana ndi munthu, kupatula zochepa monga galu ndi mbuzi zimene zidathawira kwa iye. Bilimankhwe adakwera mu mtengo. Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, nalamula kuti munthu azifa. Kaphirintiwa ameneyu ali m'mapiri a Dzalanyama, kumwera chakumadzulo kwa mzinda uno. M'mapiri omwewo ndimo muchokera mtsinje wa Lilongwe, umene madzi ake amasungidwa m'madamu a ku Malingunde asanafike m'mipope ya ku City Centre ndi kumayadi. Ndipo m'nkhalango yomweyo ndimo muchokera matumba a makala amene timakumana nawo pa njinga mbandakucha akulowa mu mzinda, moti mu 2015 asilikali adatumizidwa kukailondera. Munthu ndi moto wake akali pa ntchito yomwe ija pa malo omwe aja. Amene wakhala pa tebulo ku Area 10 nayankha "Kaphirintiwa" ali ndi tambula ya madzi a ku Dzalanyama m'manja, ndipo nyama imene akudya kapena yawotchedwa pa makala a komweko. Funso lija lidamfikitsa pa khomo la nkhani yaikulu ya mzinda wake, koma silidamtsegulire.

Za zakudya ndingonena mwachidule. Chakudya chodalirika cha Amalawi ndi chiyani? Nsima ya chimanga. Palibe angatsutse. Koma chimanga chidachokera ku Mexico, ndipo chidafika mu Africa pambuyo pa chaka cha 1500 kudzera m'zombo za amalonda. Makolo athu akale ankadalira mapira ndi mawere. Dzina lenilenilo la chimanga akatswiri ena amalimasulira kuti chochokera kugombe la nyanja yamchere. Chinangwa chidachokera ku South America, ndipo mawu akuti mbatata ndi kachasu adatifika kudzera m'Chipwitikizi. Munthu woyenda mu msika wa ku Old Town akuyenda pakati pa mbiri ya maulendo a zaka mazana asanu. Komanso dziko lodalira mbewu imodzi yosapirira chilala lidaona zakuda mu 1949 ndi mu 2002. Funso lofunsa kumene chimanga chidachokera likadadabwitsa mwana ndi kumpatsa choti akafunse agogo ake. Funso lofunsa chimene amadya tsiku lililonse silimpatsa kanthu.

Pa malo a dziko pali mafunso awiri otchuka. Loyamba ndi lakuti adatulukira Nyanja ya Malawi ndani, ndipo yankho lolembedwa ndi David Livingstone, 1859. Ambiri adalidzudzula kale funso limeneli, ndipo sindichedwapo. Ndingokumbutsa kuti dzina loti Nyasa limene iye adalemba ndi mawu a Chiyao otanthauza nyanja, kusonyeza kuti adachita kufunsa kwa eni ake, ndiponso kuti Mpwitikizi Gaspar Bocarro adadutsa dera lino kuchokera ku Tete kupita ku Kilwa mu 1616. Vuto lili pa mneni uja "kutulukira", amene wabisa chiweruzo chonse m'kati mwa funso looneka losalakwa.

Lachiwiri ndi lakuti likulu lidasamuka liti kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Yankho: 1975. Nzoona, komatu chaka chimodzichi chameza zambiri. Boma la Atsamunda lidakhazikika pano kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, m'dera la mfumu Njewa, ndipo malowa adavomerezedwa kukhala tauni mu 1947. Ntchito yomanga likulu idayamba mu 1968 pansi pa Capital City Development Corporation, ndi ngongole ya 8 miliyoni randi yochokera ku boma la tsankho la South Africa, pa nthawi imene maiko ena a mu Africa adalikana bomalo. Ojambula mapu oyamba a mzindawu adalinso a komweko. Midzi idasamutsidwa kuti Capital Hill ndi mayadi apeze malo. Nyumba ya Malamulo idatsalira ku Zomba mpaka 1994, ndipo idapeza nyumba yakeyake mu Lilongwe mu 2010. Nanga likulu lidasamuka liti?

Amene adayendapo wapansi kuchokera ku Old Town kukafika ku City Centre adziwa kuti pakati pake pali nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi ndi mtunda wotopetsa. Mzindawu adaugawa m'zigawo zotalikirana, anthu a malipiro osiyana nakhala kosiyana. Manambala a ma Area satsata kuyandikana kwa malo, moti Area 10 ndi Area 43 ndi anansi. Kumayadi kumadziwika ndi nambala, pamene Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde, Mtandire ndi Kauma, ngakhale adapatsidwa manambala pa mapu, pakamwa pa anthu amatchulidwa ndi mayina. Mlonda ndi wophika wa ku Area 12 amalawira kuchokera ku Kauma, ndipo adziwa njira iliyonse yachidule, mtengo wa minibasi iliyonse ndi mlatho uliwonse umene umamira dzinja. Chidziwitso chimenechi nchimene chimayendetsa mzinda, koma pa mpikisano sichipata pointi ngakhale imodzi. Wopata pointi ndi amene adziwa likulu la Mongolia.

Wina anena kuti mankhwala ake ndi apafupi: tichotse Beethoven tiikepo Allan Namoko, tichotse Zeus tiikepo Mbona, tichotse Everest tiikepo Sapitwa ndi mamita ake 3,002. Ine mankhwala amenewa sindiwakhulupirira. Zitsanzo za Ntara ndi Kaphirintiwa zaonetsa kale kuti dzina lakwathu likhoza kulowezedwa mouma monga dzina lachilendo. Ndiponso Beethoven sindifuna kumtaya. Taona kuti mbiri yake idadutsa m'makutu a amalume athu ku Rhodesia, ndipo kumtaya ndi kutaya gawo la mbiri yathu yomwe. Kusintha mayina osasintha kafunsidwe kuli ngati kufolera udzu watsopano pa phaso lofumbwa.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza ife a m'gulu lino. Ndakatulo zambiri zimene timawerengerana masiku ano zadzala mayina: Napolo, Mbona, Makewana, Msinja, Kaphirintiwa, Dzenje la Chingwe. Mlembi amawamwaza m'mizere ngati mchere, ndipo omvera timagwedeza mitu poti tawazindikira. Kuzindikira kumeneku ndi kwa pa mpikisano, dzina latchulidwa, pointi yaperekedwa. Amene adatitsogolera sadatero. Steve Chimombo polemba sewero la The Rainmaker, lotuluka mu 1978, ndi Napolo Poems mu 1987, adalowa m'kati mwa nthanozo kukafunamo chinenero chokambira ulamuliro, mantha ndi kusowa kwa anthu, pa nthawi imene lamulo la 1968 lounika zolemba lidali maso pa mawu alionse. Bilimankhwe wa Jack Mapanje mu Of Chameleons and Gods, buku la mu 1981, adali ndi ntchito yoti agwire, ndipo mlembi wake adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Kwa iwo mayinawa adali ndi mtengo wake. Ngakhale kwa anthu wamba Napolo si dzina la m'buku. Adamtchula ku Zomba mu 1946, ku Phalombe mu 1991, ndiponso mu 2023 pamene namondwe wa Freddy adagumula mapiri a kumwera ndi kukwirira mabanja. Mlembi wotchula Napolo osamva kulemera kwa matope amenewo akusewera ndi maliro a eni.

Tsono funso labwino nlotani? Ine ndiona zizindikiro zitatu. Choyamba, likhale ndi kanjira m'kati mwake, kuti amene sadaloweze athe kulondola ndi nzeru zake monga achitira pa ndagi. Chachiwiri, yankho lake lidabwitse, lilumikize zinthu ziwiri zimene womvera ankaziyesa zotalikirana, monga mpope wa ku Area 10 ndi thanthwe la mapazi a anthu oyamba. Chachitatu, wolephera achoke ndi kanthu m'manja koti akafotokozere mnzake. Zizindikiro zomwezi ndizo ndingayesere nazo fanizo la m'ndakatulo, ndipo nchifukwa chake ndati mafunsowa ndi ntchito ya alembi.

Timabuku ta ku Old Town tipitirira kugulidwa, ife tifune tisafune, chifukwa makolo afuna ana awo apambane ndipo achinyamata afuna ntchito. Kutinyoza tili kuno ku koleji sikuthandiza mwana amene akutiloweza usiku uno pa nyali ya koloboyi. Pempho langa ndi lakuti pa msonkhano ukubwerawu aliyense wa ife, ophunzira ndi aphunzitsi omwe, abwere ndi mafunso asanu a kwawo, limodzi pa mutu uliwonse mwa mitu isanu ija, ndipo tidzawasende monga timasendera ndakatulo. Amene tidzawapeze amoyo tidzawasindikize m'magazini ino. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu, makamaka a ku mbali ya mbiri yakale ndi ya nyimbo, muli ndi zoti munditsutse nazo. Bwerani nazo.